Aphunzitsi a Chingerezi ndi Luso Lomvetsera m'Boma la Karonga

Aphunzitsi a Chingerezi a Fomu 1 ndi Fomu 2 m'boma la Karonga amalandira ophunzira apakatikati, kutanthauza ana amene amatha kuwerenga ndime ndi kulemba chiganizo cholongosoka, koma amasokonezeka munthu akayankhula chiyankhulochi mosadodoma. Ambiri mwa anawa amakula akuyankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, a kufupi ndi chipata cha Songwe amamvanso Chiswahili, ndipo Chichewa amachiphunzira m'kalasi, kotero kuti Chingerezi chimakhala chiyankhulo chawo chachitatu kapena chachinayi, ngakhale kuti lamulo la maphunziro la 2013 linachiika kukhala chophunzitsira kuyambira Sitandade 1.

Aphunzitsi sadutsa njira imodzi. A kupulayimale, amene amayala maziko, amasulidwa zaka ziwiri m'makoleji monga Karonga TTC, pamene a kusekondale amachokera ku Domasi College of Education, Mzuzu University kapena University of Livingstonia. Koma m'sukulu zoyendera za CDSS mumapezekabe aphunzitsi amene anaphunzira ntchito ya kupulayimale, ndipo anakwezedwa chifukwa cha kuchepa kwa antchito.

Chida chachikulu pophunzitsa luso lomvetsera ndi pakamwa pa mphunzitsi. Wodziwa ntchito amayamba walemba mafunso atatu kapena anayi pabolodi, nalamula kuti mabuku atsekedwe, kenaka amawerenga nkhani kawiri: koyamba kuti ana agwire mfundo yaikulu, kachiwiri kuti atole mayina, manambala ndi zifukwa. Lembetso, lomwe ndi kulemba zimene wina akutchula, limaulula pamene khutu likuphonya, chifukwa mwana wozolowera malembo a liwu asanu a Chichewa ndi Chitumbuka amamva "ship" ndi "sheep" ngati mawu amodzi, komanso salekanitsa "l" ndi "r". Zonsezi zimachitika m'chipinda chodzaza, mawindo ali pululu chifukwa cha kutentha kwa kunyanja, ndipo mvula ikayamba kugunda pamalata, ana a kumbuyo samvanso kanthu. Choopsa china n'chakuti mwana amene wamva katchulidwe ka munthu mmodzi chaka chonse amazolowera munthuyo, osati chiyankhulo. Pulogalamu ya pawailesi ya Tikwere, imene inkamveka pa MBC, inabweretsa mawu a anthu ena m'makalasi, koma inali ya ana a masitandade oyambirira. Lero aphunzitsi ena akhama amajambula nkhani za Chingerezi pafoni n'kukaziseweretsa pa kasipika.

Chimene chimafooketsa ntchitoyi kwambiri ndi mayeso. Silabasi imatchula kumva pamodzi ndi kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba, koma mayeso a Chingerezi a MANEB pa JCE ndi MSCE ndi olemba okhaokha: malamulo a chiyankhulo, chimangirizo, kumvetsa nkhani yolembedwa ndi zina zotero. Popeza munthu salandira satifiketi ya MSCE akalephera Chingerezi, ndiponso mphunzitsi amayamikiridwa potengera chiwerengero cha okhoza, nthawi yomvetsera ndiyo imayamba kudyedwa teremu ikamatha. Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi wa sayansi kapena wa mbiri yakale, amene amadandaula kuti ana sakumva, amadalira luso lomweli tsiku ndi tsiku. Malinga ngati MANEB siyesa kumvetsera, luso limeneli lidzaphunzitsidwa ndi aphunzitsi okhawo amene amalikonda mwa iwo okha, ndipo otere sangakwanire sukulu zonse za m'bomali.