Feliciano dos Santos: Woyimba wa ku Niassa amene anatchuka ndi nyimbo za chimbudzi

Oyimba ambiri otchuka pa dziko lapansi amadziwika ndi nyimbo za chikondi, zovala zonyezimira ndi magalimoto okwera mtengo. Koma chigawo chathu chino cha Niassa chili ndi mwana wake amene mbiri yake inafika ku Ulaya ndi ku America chifukwa choyimba za chinthu chimene ambiri amachita nacho manyazi kuchitchula pagulu, ndicho chimbudzi. Munthuyu ndi Bambo Feliciano dos Santos, mtsogoleri wa gulu loyimba la Massukos la ku Lichinga.

A Santos anabadwa m'chaka cha 1964 kuno ku Niassa. Ali mwana anadwala poliyo, matenda amene anawasiya ndi mwendo wolumala. Kachilombo ka matendawa kamachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja osasamba. Choncho pamene bamboyu akuyimba za madzi abwino, akunena za chinthu chimene chinamuchitikira iye mwini.

Unyamata wao unadutsa m'zaka za nkhondo yapachiweniweni, nthawi imene anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja anathawira ku Likoma ndi kumadera ena a ku Malawi. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera m'midzi yao, ndipo m'chaka cha 1994 a Santos ndi anzao anakhazikitsa gulu la Massukos, dzina lotikumbutsa masuku, chipatso cha m'nkhalango zathu. Iwo anatenga mayimbidwe a makolo a kuno n'kuwaphatikiza ndi magitala amakono, ndipo mawu ake anawaika m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina zimene anthu a m'midzi amamva popanda womasulira.

Chimbale chao choyamba, Kuimba kwa Massuko, chinatuluka mu 2001 ndipo chinawatchukitsa m'Mozambique monse. China, chotchedwa Bumping, chinatuluka mu 2007. Gululi linakayimbanso ku Britain, kumene azungu anavina nyimbo zimene ife kuno timazimva tanthauzo lake. Imodzi mwa nyimbo zodziwika kwambiri ndi Tissambe Manja, imene mutu wake wokha ukufotokoza zonse.

Koma nyimbo payokha sikumba dzenje. Pozindikira zimenezi, a Santos anatsogolera bungwe la Estamos, limene kuyambira m'chaka cha 2000 linayamba kuthandiza midzi ya ku Niassa kupeza madzi abwino ndi zimbudzi, mothandizana ndi bungwe la WaterAid. Gulu loyimba likafika pamudzi, anthu ankasonkhana kudzavina, ndipo gule akatha nkhani ya ukhondo ndi ya Edzi inkayambika pomwepo, mafumu, amayi ndi achinyamata ali pamodzi. Zimene munthu sakanatha kunena pamaso pa apongozi ake, nyimbo inkazinena aliyense akuseka.

Chimbudzi chimene bungweli linkalimbikitsa ndi chija cha maenje awiri osazama kwambiri. Banja limagwiritsa ntchito dzenje limodzi, ndipo aliyense akamaliza kudzithandiza amathiramo dothi losakaniza ndi phulusa. Phulusalo limaumitsa zonyansa, limachepetsa fungo ndiponso ntchentche. Dzenje likadzadza amalikwirira n'kusamutsira kanyumba pa dzenje lachiwiri. Pakatha pafupifupi chaka, za m'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka manyowa amene amakathira kumunda. Kwa mlimi amene sangakwanitse thumba la feteleza, phindu lake ndi loonekeratu.

Chifukwa cha ntchito imeneyi, mu 2008 a Santos anaitanidwa ku San Francisco m'dziko la America kukalandira mphotho ya Goldman, imene imaperekedwa chaka ndi chaka kwa anthu oteteza chilengedwe ochokera m'zigawo zisanu ndi chimodzi za dziko lapansi. M'chaka chimenecho mphothoyo inali ya ndalama zokwana madola 150,000. Mu 2010 bungwe la National Geographic linawasankhanso kukhala m'gulu la anthu amene ntchito zao zimapereka chiyembekezo.

Tsono nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife a m'boma la Lago? Kuyambira ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cóbuè, nyanja ndiyo chitsime chathu, bafa lathu ndiponso munda wathu. M'madzi momwemo timatunga akumwa, timachapa, timatsuka mbale ndi kutsuka usipa. M'madooko ambiri asodzi amachulukana nthawi ya nsomba, koma zimbudzi n'zowerengeka, ndipo dzenje lakuya pamchenga silichedwa kugumuka mvula ikagwa. Zikatero anthu amathamangira kutchire kapena m'madzi momwemo.

Zotsatira zake tinaziona mu 2022. Mliri wa kolera umene unafalikira m'zigawo zambiri za Mozambique unayambira kuno ku Lago m'mwezi wa Sepitembala chaka chimenecho, pamene tsidya lina ku Malawi matendawa anali atabuka kale m'mwezi wa Malichi. Ku Malawiko anthu oposa 1,700 anamwalira mliriwo usanathe. M'chaka chomwecho poliyo, amene ambiri ankaganiza kuti anatheratu, anapezekanso mwa mwana ku Lilongwe ndi mwa ana ena ku Tete, ndipo azaumoyo anayenda khomo ndi khomo kupereka katemera m'maiko onse awiri. Matenda safunsa chiphaso pamalire, amangokwera bwato limodzi ndi ife.

Choncho, abale, mafumu ndi akuluakulu a m'madooko, dzinja lisanafike tiyeni tione kuseri kwa nyumba zathu. Dothi tili nalo, phulusa limatuluka pamafuwa tsiku lililonse, ndipo pamene sopo wasowa phulusa lomwelo limasambitsa m'manja. Ana osakwana zaka zisanu tipite nawo kukatemera. Mwana wa ku Niassa amene poliyo anamulumaza anakaimirira pamaso pa dziko lonse kunena zimenezi, ndiye ife eni ake nyimbozo tisangozivina chabe.