Zimbabwe: Kusula aphunzitsi a sayansi n'kwapafupi, kuwasunga ndiye kovuta

MUTARE — Wachinyamata wa ku Mutare amene akufuna kudzaphunzitsa sayansi safunika kuyenda ulendo wautali kuti akaphunzire ntchitoyo. Mzindawu, womwe ndi likulu la chigawo cha Manicaland pafupi ndi malire a Mozambique, uli ndi koleji ya Mutare Teachers' College, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo imasula aphunzitsi a kusekondale. Kunja pang'ono kwa mzindawu, ku Old Mutare, kuli Africa University, yomwe mpingo wa United Methodist unatsegula mu 1992, ndipo nayo imaphunzitsa zauphunzitsi.

Khomo loyamba ndi mayeso a Fomu 4 otchedwa O Level, amene bungwe la ZIMSEC limalembetsa. Makoleji amafuna munthu amene anakhoza maphunziro osachepera asanu, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. Ophunzira amathera gawo la nthawi yawo pasukulu yeniyeni, akuphunzitsa ana moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wodziwa kale ntchitoyo, ndipo pomaliza amalandira dipuloma. Wofuna kuphunzitsa Fomu 5 ndi 6 kawirikawiri amafunika digiri. M'sukulu za boma, wolemba ntchito ndi bungwe la Public Service Commission, ndipo atsopano ambiri amatumizidwa kumidzi, m'maboma ngati Buhera ndi Chipinge.

Kusowa kwa aphunzitsi a sayansi kunakula dzikoli litalandira ufulu mu 1980. Panthawiyo sukulu za sekondale zinali zosakwana 200, koma pofika 1990 zinali zitapitirira 1,500. Zambiri mwa sukulu zatsopanozo zinalibe labotale, magetsi ngakhale madzi a m'mipope. Boma linayambitsa ndondomeko ya ZIM-SCI, yomwe inkagawa mabokosi a zipangizo zotsika mtengo kuti ana aziyesa okha zimene akuphunzira, ngakhale m'chipinda wamba.

Mu 1986 dzikoli linayamba kutumiza achinyamata ku Cuba kuti akaphunzire kuphunzitsa sayansi ndi masamu. Patatha zaka khumi maphunzirowo anasamutsidwira m'tauni ya Bindura, ndipo mu 2000 kolejiyo inakhala Bindura University of Science Education.

Chimene chinasokoneza zonsezi ndi kugwa kwa chuma. Boma linalengeza kuti mu Julayi 2008 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka, moti malipiro a mphunzitsi sankakwanira ngakhale kulipira basi. Aphunzitsi zikwizikwi anasiya ntchito, ndipo ambiri analowera ku South Africa, Botswana ndi Namibia. A masamu ndi sayansi sankavutika kupeza malo, chifukwa maiko amenewo ankasowanso anthu a maphunziro omwewo.

Zinthu zinayambako kusintha mu 2009 pamene dzikoli linayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America. Koma kuyambira kumapeto kwa 2018 ndalama ya m'dzikomo inayambanso kuchepa mphamvu, ndipo mabungwe a aphunzitsi monga ZIMTA ndi PTUZ anakhala zaka zingapo akupempha kuti malipiro abwerere pa madola 540 a ku America, omwe ankati ndi amene mphunzitsi ankalandira m'mbuyomo. Mu 2022 aphunzitsi oposa 150 anapita kukagwira ntchito ku Rwanda potsatira mgwirizano wa maboma awiriwo.

Mphunzitsi wa fizikisi kapena kemisitire akachoka pasukulu ya kumudzi, phunzirolo limatha kufera pomwepo. Mwana amene sanalembe maphunziro amenewa amatsekeredwa njira ya udokotala ndi uinjiniya, ndipo n'kovuta kuti adzakhale mphunzitsi wa sayansi iye mwini. Motero kuchoka kwa munthu mmodzi kumachepetsanso chiwerengero cha odzalowa m'malo mwake.

Kwa wachinyamata wa ku Mutare, njira yolowera ntchitoyi ndi yodziwika ndipo luso lake likufunika m'maiko ambiri a kummwera kwa Africa. Chomwe chimagamula ngati adzakhazikika ku Manicaland kapena adzawoloka malire ndi malipiro, nyumba yogonamo ndi zipangizo zimene adzapeze pasukulu yoyamba imene adzatumizidwe.