Mwana wakhoza mayeso, koma ku Tete akagona kuti?

Chaka ndi chaka, sukulu zikamatsegulidwa, machapa ochoka ku Ulónguè, ku Tsangano ndi ku Furancungo amatsika kupita mumzinda wa Tete atanyamula anyamata ndi atsikana amene amaliza kalasi ya 12 ndipo maina awo atuluka pa ndandanda ya okhoza mayeso olowera ku yunivesite. Pamwamba pa galimoto pamakhala matiresi, thumba la ufa, nyemba, mbatata ya kachewere ndi mbaula. Kumudzi nthungululu zalira kale. Koma ambiri mwa anawa amatsika galimoto atayenda makilomita oposa 200 asakudziwa kumene akagone usiku umenewo.

Sukulu zazikulu zachuluka mumzindawu. Instituto Superior Politécnico de Tete idakhazikitsidwa mu 2005, Universidade Zambeze imaphunzitsa za umoyo, Universidade Católica ili ndi nthambi yake, ndipo nthambi ya Universidade Pedagógica idalowa mu Universidade Púnguè mu 2019. Malo ogona a sukulu ndiwo ochepa. Wophunzira amene sadapeze mwayi amayenera kufuna yekha chipinda cha lendi m'mabairo.

Chinthu choyamba chimene makolo ambiri a kumudzi sachiganizira ndi mtsinje. Zambezi adadula mzinda wa Tete pakati. Tsidya lina kuli tauni yakale, maofesi ndi chipatala chachikulu cha chigawo. Tsidya linalo kuli Matundo ndi Chingodzi, pa njira yopita ku Moatize. Mwana amene amaphunzira ku Matundo koma wapeza chipinda kutali kuseri kwa tauni amaoloka mlatho wa Samora Machel m'mawa ndi madzulo, ndipo ndalama imene adaiona ngati wapulumutsa pa lendi imathera pa chapa mwezi usanathe. Ikatha amayenda pansi, pa dzuwa la ku Tete. Ngati maphunziro ake ndi a usiku, pamakhalanso nkhani ya mdima pobwerera.

Lendi mumzindawu idakwera kwambiri m'zaka zimene migodi ya malasha idatsegulidwa ku Moatize. Kampani ya Vale itayamba kukumba mu 2011, anthu a ntchito adadzaza mzinda, ndipo eni nyumba adazolowera alendo olipira bwino. Vale idagulitsa mgodiwo mu 2022, koma mwana wa mlimi akadali womalizira pa mzere wa ofuna nyumba. Chimene amachipeza kawirikawiri ndi dependensiya, kachipinda komangidwa kuseri kwa nyumba yaikulu, chimbudzi ndi bafa zili zogwiritsa ntchito onse a pabwalopo.

Kachipindako kamafuna kukaona ndi maso, ndipo nthawi yabwino yokaona ndi masana. Mwana wokulira m'mapiri a Angónia, kumene mwezi wa Juni anthu amaotha moto, sadziwa chimene denga la malata lopanda siling'i limachita mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40. Chipinda chopanda windo nthawi imeneyo sichigoneka, ndipo buku siliwerengeka. Ayenera kufunsanso za madzi: kodi mpopi uli pabwalo pomwepo, umatuluka nthawi yanji, ndipo amalipira ndani? Magetsi nawo amayambanitsa anthu. Mita ya Credelec ikakhala imodzi pa nyumba zonse, wophunzira amene ali ndi babu limodzi ndi foni angapezeke akugawana mtengo mofanana ndi banja limene lili ndi filiji ndi mbaula ya magetsi.

Palinso a pakati, anthu amene amadziwa kumene kuli zipinda ndipo amalandira yawo akakupezera. Ena ndi oona mtima. Koma masiku ano, pamene ndalama imayenda pa M-Pesa ndi e-Mola, munthu angathe kutumiza chithunzi cha nyumba ya eni ake, nanena kuti ofuna ndi ambiri, tumizani msanga. Bambo amagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga, ndalama imapita, mwana akafika foni ija siikupezekanso. Ndalama ya lendi iyenera kuperekedwa m'manja mwa mwini nyumba, mwana ataima m'chipindamo ndi kiyi.

Pangano la pakamwa, limene kumudzi limakwanira chifukwa aliyense amadziwa mnzake, mumzinda silikhalitsa. Eni nyumba ambiri amafuna ndalama ya miyezi ingapo poyamba. Ndi bwino kulemba papepala mtengo, tsiku lolipira, za madzi ndi magetsi, ndiponso ngati lendi ipitirira pa tchuthi mwana ali kumudzi, pamaso pa mboni monga shefi wa kwarterau. Tsiku lolipira ndi lofunika kwa mlimi, pakuti ndalama yake imabwera nthawi yokolola, pamene mwini nyumba amawerenga miyezi.

Mabanja ena amatumiza mwana kwa achibale. Kwa ena zimayenda bwino. Kwa ena, makamaka atsikana, mwana amasanduka wotunga madzi ndi wolera ana, nthawi yowerenga osaipeza, ndipo sanganene chifukwa akudya za eni. Ambiri amene adutsamo amasankha kukhala awiri kapena atatu ochokera dera limodzi, kugawana lendi ndi kuphika mphika umodzi. Ophunzira akale a kwawo, amene amadziwa kale mabairo ndi Chinyungwe cha mumsika, ndiwo amawatsogolera bwino kuposa wapakati aliyense. Mtsikana ayenera kuyesa loko wa chitseko chake, ndipo makolo adziwe dzina la mwini nyumba.

Ku Ulónguè nkhaniyi yatembenuka. Kumeneko Universidade Zambeze ili ndi sukulu ya za ulimi, ndipo ana ochokera ku Beira, ku Quelimane ndi madera ena otentha amafika ndi tizovala topyapyala kudzafuna zipinda kwa anthu a ku Angónia. Banja limene likudandaula za mwini nyumba wa mwana wawo ku Chingodzi mwina nalonso lili ndi mwana wa eni kuseri kwa nyumba yawo, amene akudikira kuti makolo ake agulitse mpunga kuti alipire.