Mukachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, yambani ndi ndiwo

Ngati mwabwerera ku Mwenilondo mutachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi yotchedwa duodenal switch, kadyedwe kanu kayenera kusintha kwa moyo wonse.

Pa opaleshoniyi madokotala amachotsa mbali yaikulu ya chifu, n'kulumikiza matumbo aang'ono mwakuti chakudya chimalambalala gawo lalikulu la matumbowo. Choncho mumakhuta msanga, ndipo pa zochepa mwadyazo thupi limayamwanso zochepa, makamaka mafuta, mapuloteni, ayironi, kashiamu ndi mavitamini A, D, E ndi K.

Apa ndiye pali vuto kwa ife ozolowera kondowole ndi mpunga wa Kilombero. Chinangwa chili ndi mapuloteni ochepa zedi, ndipo mukayamba nacho, usipa usowa malo m'mimba. Yambani ndi nsomba, dzira, nyemba kapena chambiko, nsima ibwere pomaliza. Muzidya pang'ono kangapo patsiku, ndipo madzi muzimwa pakapita kanthawi mutadya. Zokazinga m'mafuta ambiri zimatsegula m'mimba.

Mapiritsi a mavitamini musawasiye, ngakhale mukupeza bwino. Mukayamba kusaona bwino usiku, kutupa miyendo kapena kufooka, pitani kuchipatala cha boma cha Karonga, ndipo mukawauze dzina la opaleshoni yanu.