Zochita za kunja kwa kalasi ndi mwayi wolowa yunivesite ku America

Ku United States of America kulibe bungwe la boma limene limasankhira ophunzira malo m'mayunivesite. Yunivesite iliyonse imasankha yokha potsata mfundo zake, ndipo wophunzira amafunsira malo kulikonse kumene akufuna. Ambiri amadzera pa fomu imodzi ya pa intaneti yotchedwa Common Application, imene inayamba mu 1975 ndi makoleji 15 ndipo lero imalandiridwa ndi masukulu oposa 1,000. Fomuyi imafunsa magiredi a zaka zinayi za sekondale, chimangirizo cha mawu osapitirira 650, ndi makalata a aphunzitsi ochitira umboni wophunzirayo. Imafunsanso chinthu chimene chingadabwitse munthu wozolowera dongosolo la ku Malawi, kumene National Council for Higher Education imayang'ana zotsatira za MSCE: fomuyi imafuna kudziwa zimene mwanayo amachita akaweruka, Loweruka ndi Lamlungu, ndiponso pa holide.

Tsamba la zochitazi lili ndi malo khumi. Pa malo aliwonse wophunzira amasankha mtundu wa ntchitoyo pa mndandanda umene uli ndi masewera, nyimbo, zisudzo, mtsutso, sayansi, utolankhani wa pasukulu, zachipembedzo, kuthandiza anthu a m'dera, ntchito yolipidwa ndi udindo wa pakhomo. Kenaka amalemba udindo wake m'zilembo zosapitirira 50, dzina la gulu m'zilembo 100, ndi kufotokoza zimene anachita m'zilembo 150 zokha, mipata ya pakati pa mawu ikuwerengedwa pamodzi. Amatchulanso makalasi amene ankachitira ntchitoyo kuyambira giredi 9 mpaka 12, maola angati pa sabata ndi masabata angati pa chaka. Mphoto za maphunziro zili ndi malo ake asanu padera. Masukulu ena ali ndi mafomu awoawo: University of California imapereka malo 20, pamene Massachusetts Institute of Technology imangofunsa zinthu zinayi.

Kulemera kwa tsambali kumasiyana kwambiri malinga ndi sukulu, ndipo apa ndi pamene makolo ndi ana ambiri amasokonekera. Kafukufuku wa Pew Research Center anaonetsa kuti mu 2017, mwa makoleji ndi mayunivesite 1,364 a zaka zinayi, oposa theka anatenga anthu awiri kapena kuposerapo mwa atatu aliwonse ofunsira malo, ndipo 17 okha ndi amene anatenga anthu osakwana mmodzi pa khumi. Makoleji a m'madera a zaka ziwiri amalandira pafupifupi aliyense amene wamaliza sekondale. Ku Texas, lamulo la mu 1997 linapereka malo m'mayunivesite a boma kwa ophunzira okhoza bwino koposa m'kalasi mwawo, popanda kufunsa ngati anaimbapo kwaya kapena kumenya mpira. Bungwe la alangizi a za kusankha ophunzira la NACAC likafunsa makoleji chimene amachiona chachikulu, magiredi ndi kulimba kwa maphunziro amene mwana anasankha ndi zimene zimakhala pamwamba, ndipo makoleji osakwana imodzi pa khumi ndi amene amaika zochita za kunja kwa kalasi m'gulu la zinthu zofunika koposa. Aliyense angathe kudzionera yekha: masukulu ambiri amasindikiza chaka ndi chaka chikalata chotchedwa Common Data Set, ndipo gawo C7 limasonyeza ngati chinthu chilichonse n'chofunika kwambiri, chofunika, chongoganiziridwa kapena chosawerengedwa.

Nkhani imasintha pa masukulu ochepa amene anthu amalimbirana kwambiri. Mu 2022 Harvard inalandira mafomu oposa 61,000 n'kutenga anthu osakwana 2,000. Pa khamu lotere, ana okhoza bwino ndi ochuluka kuposa malo amene alipo kangapo konse, choncho magiredi amangomufikitsa mwana pakhomo, ndipo osankha amafunafuna china chowasiyanitsa. Momwe amachitira izi zinadziwika bwino mu 2018, pa mlandu umene gulu la Students for Fair Admissions linasumira Harvard kukhoti la ku Boston. Malangizo a owerenga mafomu anaonetsa kuti wofunsira malo aliyense ankapatsidwa nambala pa maphunziro, pa zochita za kunja kwa kalasi, pa masewera ndi pa khalidwe, nambala 1 kukhala yapamwamba koposa. Pa zochita za kunja, 1 inali ya mwana amene luso lake lafika podziwika dziko lonse kapena pofanana ndi la akatswiri. Nambala 2 inali ya amene watsogolera zenizeni pasukulu pake, monga pulezidenti wa kalasi kapena mkonzi wa nyuzipepala ya ophunzira. Nambala 3 inali ya amene watenga nawo mbali mokhulupirika koma osaonekera, ndipo 4 inali ya amene sanachite kanthu kwenikweni. Panalinso 5, yosungidwira mwana amene nthawi yake inathera pa udindo wa pabanja kapena pa ntchito yolipidwa, ndi 6 ya amene analephera kutenga mbali chifukwa cha zovuta monga matenda.

Ndondomekoyi ikusonyeza kuti owerenga sawerenga kuchuluka kwa magulu. Mwana amene walemba magulu khumi, lililonse ola limodzi pa sabata, ambiri mwa iwo atawalowa m'chaka chomaliza, amathera pa 3. Chimene chimakweza nambala ndi kukhalitsa pa chinthu chimodzi kapena ziwiri, kukula m'menemo, ndi kusiya chizindikiro chooneka. Popeza wowerenga amakhala ndi mphindi zochepa pa fomu iliyonse, nthawi zina zosakwana khumi, zilembo 150 zija zimafunika kunyamula zinthu zogwirika. Ana awiri angathe kukhala m'gulu limodzi la zachilengedwe. Wina n'kulemba kuti anali membala wokhulupirika, ankapita ku misonkhano ndipo anaphunzira kukonda chilengedwe. Mnzake n'kulemba kuti anafesa nazale ya mitengo 600, anagawa ntchito yothirira kwa anzake 12, ndipo mitengo 400 inapulumuka chilimwe. Wachiwiriyu wapatsa wowerenga chinthu choti akachinene pamaso pa komiti yosankha ophunzira. Zimene walembazo zimalimba kwambiri ngati kalata ya mphunzitsi ikutchulanso nazale yomweyo mosauzidwa, ndiponso ngati chimangirizo chikuonetsa zimene mwanayo anaphunzira mitengo ina itauma.

Udindo wa pakhomo ndi umene ana ambiri amausiya osalemba, poganiza kuti si chinthu chonyadira. Mtsikana amene amaweruka n'kuthamangira kukatenga azing'ono ake kusukulu, kuwaphikira ndi kuwathandiza homuweki mpaka mayi ake abwere ku ntchito usiku, amaona ngati tsamba lake lilibe kanthu poyerekeza ndi la mnzake woimba vayolini. Komatu maola 20 pa sabata kwa zaka zinayi ndi umboni wa kukhulupirika woposa wa magulu ambiri a pasukulu, ndipo amafotokozanso chifukwa chimene dzina lake silipezeka pa timu iliyonse. Mu 2016 gulu la Making Caring Common la pa sukulu ya zamaphunziro ya Harvard linatulutsa lipoti lotchedwa Turning the Tide, limene akuluakulu ambiri osankha ophunzira analivomereza, lopempha makoleji kuti aziwerengera ntchito zotere ndi kusiya kulimbikitsa ana kudzaza mndandanda. Wowerenga fomu sangalote zimene sizinalembedwe, choncho mwana amene wabisa ntchito yake ya pakhomo wadzimana yekha.

Masewera ali ndi njira yawoyawo. Kusewera m'timu ya sekondale kumawerengedwa ngati chochita china chilichonse. Koma mwana amene kochi wa yunivesite wamusankha kuti adzasewere m'timu yake amalowera khomo lina. Kafukufuku wa katswiri wa zachuma Peter Arcidiacono ndi anzake, wochokera pa ziwerengero za mlandu wa Harvard uja, anapeza kuti mwa osewera osankhidwa ndi makochi, pafupifupi 86 pa 100 aliwonse ankatengedwa, pamene mwa ofunsira wamba ankatengedwa osakwana 6. Mayunivesite asanu ndi atatu a Ivy League sapereka ndalama za fizi chifukwa cha masewera, chimodzimodzi makoleji a Division III ya bungwe la masewera a m'makoleji la NCAA. Ndalama zotere zimapezeka ku Division I ndi II, ndipo amazipeza ndi ochepa kwambiri mwa ana amene amasewera ku sekondale.

Dongosolo loyang'ana munthu yense m'malo mwa mayeso okha lili ndi chiyambi chosasangalatsa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Harvard, Yale ndi Princeton zinkatenga ophunzira makamaka potengera mayeso olowera. Ana a Ayuda atayamba kukhoza mayesowo mochuluka, pulezidenti wa Harvard A. Lawrence Lowell anafuna mu 1922 kuika malire pa chiwerengero chawo. Maganizowo atakanidwa poyera, masukuluwa anayamba kufunsa za khalidwe, utsogoleri, masewera, makalata a umboni ndi mbiri ya banja, zinthu zimene zinkalola osankha kukana munthu popanda kupereka chifukwa. Jerome Karabel anafotokoza mbiriyi m'buku lake The Chosen la mu 2005. Lero zipangizo zomwezo zimagwiritsidwa ntchito pofunafuna ana aluso ochokera kosiyanasiyana, ndipo zathandiza ambiri amene mayeso okha akanawasiya, koma kuthekera kokondera kudakalipo.

Kukondera kwakukulu masiku ano ndi kwa chuma. Masewera monga kupalasa bwato, kukwera mahatchi ndi sikwashi amafuna ndalama, chimodzimodzi maphunziro a piyano, misasa ya sayansi ya pa holide ndi maulendo okathandiza osauka kumayiko akutali. Sukulu za ana a olemera zimakhalanso ndi alangizi okhala ndi nthawi yolemba makalata atsatanetsatane, pamene mlangizi wa sukulu ya boma amasamala ana mazanamazana. Mu 2023 akatswiri a zachuma Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman anapeza kuti ana ochokera m'mabanja olemera koposa, banja limodzi pa 100 aliwonse, anali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira m'mayunivesite 12 otchuka kwambiri poyerekeza ndi ana a mabanja apakati okhoza mofanana mayeso olowera koleji a SAT kapena ACT. Zifukwa zitatu zimene anapeza zinali kukondera ana a anthu amene anaphunzira pomwepo, kusankha osewera, ndi nambala zapamwamba pa zinthu zosakhudza maphunziro. Anapezanso kuti nambala zimenezi sizinkalosera kuti mwana adzachita bwino akamaliza koleji, pamene kukhoza m'kalasi kunkalosera. Ichi ndi chifukwa chomveka chokayikira kulemera kumene masukuluwa amapatsa tsambali.

Pamene pali khomo lapadera pamabweranso chinyengo. M'mwezi wa Malichi 2019 boma la America linazenga milandu anthu 50 pa nkhani imene inatchedwa Operation Varsity Blues. Mlangizi William Rick Singer ankalandira ndalama kwa makolo olemera n'kupereka ziphuphu kwa makochi kuti alembe ana awo ngati osewera, ngakhale pa masewera amene anawo sankasewera, mpaka kuika nkhope zawo pa zithunzi za osewera enieni. Makolo angapo, makochi ndi Singer mwini analamulidwa kukhala m'ndende. Bodza laling'ono nalo lili ndi mtengo wake: wofunsira malo amasainira kuti zonse walemba n'zoona, University of California imasankha mafomu ena mwachisawawa n'kupempha umboni, ndipo yunivesite ili ndi mphamvu yolanda malo ngakhale mwana atayamba kale maphunziro.

Ophunzira ochokera kunja amadzaza fomu yomweyo, m'Chingerezi, ndipo kwa wa ku Malawi giredi 9 mpaka 12 ikufanana ndi Fomu 1 mpaka 4. Owerenga amayesa mwana potengera mwayi umene unalipo kumene anakulira, choncho upulifekiti, kalabu ya mtsutso, kwaya ya kutchalitchi, kuphunzitsa ana ku madrasa, geni ya kumsika yopezera fizi ndi dimba la banja, zonse zili ndi malo pa tsambali, bola zifotokozedwe mwa njira yoti mlendo amve kukula kwake. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002 n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga, anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014. Koma asanafike kumeneko anabwerera m'kalasi, n'kudzera ku African Leadership Academy ku Johannesburg, chifukwa luso lake silikanalowa m'malo mwa maphunziro a sekondale. Kwa wophunzira wakunja palinso nkhani ya ndalama: mayunivesite ambiri amaganizira ngati banja lingathe kulipira, ndipo ndi ochepa okha amene amasankha osayang'ana thumba. Amene akulinga ku Britain adziwe kuti kumeneko n'kosiyana, pakuti Oxford ndi Cambridge zimanena poyera kuti zimaona kukhoza ndi chidwi pa phunziro lofunsiridwalo, osati masewera kapena magulu osakhudzana nalo.

Common Application imatsegulidwa pa 1 Ogasiti chaka chilichonse. Ofunsira malo msanga amatumiza mafomu cha kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ena onse cha kumayambiriro kwa Januwale. Pofika nthawi imeneyo zaka zitatu mwa zinayi zimene tsambali limafunsa zimakhala zitadutsa kale, choncho wophunzira amene ali ndi maganizo opita ku America ayenera kusunga kabuku kuyambira Fomu 1, n'kumalembamo ntchito iliyonse, maola ake, zotsatira zake ndi dzina la wamkulu amene angaichitire umboni. Uphungu waulere umapezeka ku EducationUSA, nthambi ya boma la America imene imagwira ntchito kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe.