Kodi Mumadziwa? Njovu za ku Lusaka Sizikweredwa

Mukachoka ku Woodlands n'kutsata msewu wa Leopards Hill, mufika ku Lusaka National Park, nkhalango yotetezedwa yomwe inatsegulidwa mu 2015. Kumeneko kuli malo olererako ana a njovu amasiye, ambiri mwa iwo amayi awo anaphedwa ndi anthu osaka minyanga. Bungwe la Game Rangers International linatsegula malo otere ku Lilayi mu 2012, ndipo linasamutsira anawo kuno mu 2022.

Alendo amaimirira pansanja n'kumaonerera patali tianato tikuyamwa mkaka wa m'botolo, kenaka kugubuduka m'matope. Kugwira ayi, kukwera ndiye n'kosayamba. Zikakula, njovuzi zimapita ku Kafue National Park kukazolowera moyo wakutchire, ndipo njovu yozolowera kwambiri anthu ingadzalowe m'minda kapena kuyandikira mlenje wamfuti.

Nanga kukwera njovu kuli ndi vuto lanji, poti ndi chinyama champhamvu chonchija? Mphamvuzo zili m'khosi, m'chitamba ndi m'miyendo. Mafupa a msana wake ali ndi nsonga zoloza kumwamba, choncho chishalo ndi anthu awiri kapena atatu tsiku lililonse zimabweretsa zilonda. Choipitsitsa ndi kaphunzitsidwe: kuti njovu igonjere munthu, nthawi zambiri imalekanitsidwa ndi amake ikadali yaing'ono, kumangidwa unyolo ndi kulasidwa ndi ndodo yangowe yachitsulo kuseri kwa khutu, pomwe khungu n'lofewa.

Kale alendo ankakwera njovu ku Livingstone, kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Dziko la Botswana, loyandikana ndi Zambia, linathetsa mchitidwewu kumapeto kwa 2016.