Nandolo, Mabakiteriya a M'matumbo ndi Matenda a Shuga: Zomwe Kafukufuku Wapeza

Nandolo wambiri wolimidwa ku Phalombe sadyedwa ku Phalombe. Akangouma amapita pa sikelo za mavenda ku Migowi, ku Chiringa ndi m'misika ina, kenako ku Limbe, ndipo wochuluka amakathera ku India. M'chaka cha 2021 dziko la India linagwirizana ndi Malawi kuti lizigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Ndalama yake ndi yofunika, palibe akutsutsa. Koma pabanja pomwe pali munthu wodwala shuga, kugulitsa nandolo yense n'kutsala ndi nsima ya ndiwo zochepa ndi kutaya chinthu chomwe chikanamuthandiza. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake, kuti alangizi ndi alimi otsogola akhale ndi poyambira pokambirana ndi mabanja otere.

Shuga si matenda a m'tauni mokha. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa, ndipo akumudzi sanasiyane kwenikweni ndi am'tauni.

Munthu akadya nsima, sitachi wa mu ufa amagayidwa m'matumbo aang'ono n'kusanduka shuga, yemwe amalowa m'magazi. Ntchito yomuchotsa m'magazimo kuti alowe m'minofu ndi ya insulini, wopangidwa ndi kapamba. Mwa odwala ambiri achikulire insulini alipo koma ndi wochepa, kapena thupi silikumumveranso bwino, choncho shuga amakhalitsa m'magazi n'kumawononga maso, impso ndi mitsempha ya m'mapazi.

Si chakudya chonse chomwe chimagayika m'matumbo aang'ono. China chimadutsa chili chomwecho mpaka kukafika m'matumbo aakulu. Ichi ndicho chimatchedwa faiba: makoko a nyemba, gaga wa chimanga ndi mapira, ulusi wa m'masamba, kuterereka kwa therere. M'matumbo aakulumo mumakhala mabakiteriya ankhaninkhani a mitundu mazanamazana. Ambiri mwa iwo sadwalitsa. Ndi anzathu, ndipo chakudya chawo ndi chomwe ife talephera kugaya. Mbali ya faiba yomwe imadyetsa ndi kuchulukitsa mabakiteriya othandiza ndiyo akatswiri amaitchula kuti prebiotics, dzina lomwe Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid analiyambitsa m'chaka cha 1995.

Mabakiteriyawa akamadya amasasitsa faiba monga momwe mphale imasasira m'madzi, ndipo pamatuluka maasidi atatu: acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate amadyetsa khungu lam'kati mwa matumbo kuti likhale lolimba. Maasidiwa amachititsanso matumbo kutulutsa GLP-1, timadzi tomwe timauza kapamba kuti atulutse insulini pa nthawi ya chakudya, timachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, ndiponso timathetsa njala msanga. Mpweya wa m'mimba womwe anthu amanyozera nyemba ndi nandolo umachokera pomwepa. Mbewuzi zili ndi shuga wina, raffinose ndi stachyose, yemwe munthu sangamugaye koma mabakiteriya amamudya. Mpweyawo ndi wosowetsa mtendere pagulu, koma si matenda.

Nanga zimenezi zimatsitsadi shuga mwa munthu wodwala? Madokotala amayeza ndi muyeso wotchedwa HbA1c, womwe umasonyeza m'mene shuga wakhala akuyendera m'magazi pa miyezi itatu yapitayo. Kwa odwala ambiri cholinga ndi chakuti ukhale pansi pa 7.

Ku Toronto m'dziko la Canada, David Jenkins ndi anzake anagawa odwala shuga 121 m'magulu awiri. Gulu lina linauzidwa kuti lizidya kapu imodzi ya nyemba, tchana kapena mphodza zophika tsiku lililonse, ndipo linalo linawonjezera zakudya za tirigu wosapuntha. Patatha miyezi itatu HbA1c anatsika ndi 0.5 mwa odya zanyemba, ndi 0.3 mwa odya tirigu. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2012. Nandolo sanali pakati pa mbewu zomwe anatchula, koma ndi wa banja lomwelo, ndipo tchana ndi uja alimi a m'dambo la Phalombe amadzala mvula ikamapita kumapeto.

Kafukufuku wina anachitika ku China motsogozedwa ndi Liping Zhao ndipo anatuluka mu 2018. Odwala 43 anagawidwa pawiri. Onse ankamwa mankhwala a acarbose, koma gulu limodzi linkadya faiba wochuluka kwambiri wa mitundu yosiyanasiyana. Patatha masabata 12, odwala 89 mwa 100 alionse a gulu la faiba anafika pansi pa 7, pomwe gulu linalo anafikapo ndi theka lokha. Atayeza chimbudzi chawo anapeza kuti mitundu 15 ya mabakiteriya opanga acetate ndi butyrate inali itachuluka, ndipo GLP-1 anakwera. Anthu 43 ndi ochepa, ndipo chakudya chawo chinali chokonzedwa mwapadera, chosafanana ndi cha pamudzi. Komabe kafukufukuyu anaonetsa njira yonse, kuchokera m'mbale kukafika m'magazi.

Tizindikire chinthu chimodzi pa kafukufuku onse awiriwa: odwala onse ankamwa mankhwala a shuga pa nthawi ya kafukufukuyo. Faiba anabwera kudzathandiza mankhwala, ndipo kutsika kwa 0.5 n'kocheperapo poyerekeza ndi komwe metformin amabweretsa. Wogulitsa ufa kapena zitsamba m'botolo akamalonjeza kuti zimachiza shuga, akunena zomwe kafukufukuyu sananene.

Anthu akumudzi kuno tili ndi poyambira pabwino. Mu 2012 Tanya Yatsunenko ndi anzake anayerekeza mabakiteriya a m'matumbo a anthu a m'midzi ya ku Malawi, a ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America. Akuluakulu a ku America ndiwo anapezeka ndi mitundu yochepa kuposa onse. Chuma chimenechi chimasungika ndi zomwe timadya, ndipo chikhoza kuchepa mabanzi, zakumwa zotsekemera ndi tchipisi zikamalowa m'malo mwa nandolo, khobwe ndi masamba.

Funso lomwe alangizi amakumana nalo kawirikawiri ndi la ufa. Odwala shuga ambiri amauzidwa kuti asiye ufa woyera n'kuyamba mgaiwa. Mgaiwa ulidi ndi gaga, choncho uli ndi faiba ndi michere yambiri. Koma Vincent Mlotha ndi anzake a ku LUANAR atayeza m'mene nsima za ufa wosiyanasiyana zimakwezera shuga, zotsatira zomwe anasindikiza mu 2016 zinadabwitsa. Pa muyeso womwe shuga weniweni amapatsidwa 100, nsima ya mgaiwa inapeza 94, ya gramiru inapitirira 100, pomwe ya mphale yonyika inapeza 65. Kafukufuku mmodzi sangagwetse malangizo a kuchipatala, ndipo sitikuuza munthu kuti ataye mgaiwa. Chomwe tikuphunzirapo n'chakuti mitanda inayi ya mgaiwa yodyera kachigamba ka usipa imakwezabe shuga kwambiri. Kusintha ufa kokha sikukwanira. Chofunika ndi kuchepetsa mitanda ndi kukuza mbale ya ndiwo.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya faiba wosachepera magalamu 25 pa tsiku. Kapu imodzi ya nandolo wouma wophika imapereka pafupifupi magalamu 11, ndipo otsalawo angachokere ku nkhwani, chisoso, kholowa, therere, gwafa ndi mapira. Kaphikidwe kali ndi mbali yake. Nandolo wophika ndi makoko ake amaposa chipere, chifukwa posupula makoko timataya faiba wambiri. Kunyika usiku wonse n'kutaya madzi ake kumachepetsa mpweya, ngakhale kumachotsako pang'ono chakudya cha mabakiteriya. Kwa munthu yemwe mimba imamuvuta ndi bwino kunyika kusiyana ndi kusiyiratu. Wosazolowera ayambe ndi theka la kapu, azimwa madzi okwanira, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Sitachi wophika akazizira, monga mkute kapena mbatata yogona, mbali yake ina imalimba n'kupita kwa mabakiteriya osagayika, koma mbaliyo ndi yaying'ono: mkute ndi nsima ndithu.

Yemwe amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide asachepetse nsima mwadzidzidzi asanakambirane ndi achipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika mopitirira mpaka munthu kukomoka. Yemwe impso zake zinayamba kufooka afunsenso za kuchuluka kwa zanyemba zomwe angadye.

Pa nkhani ya mbewu, Mthawajuni yemwe alimi ambiri amamukonda chifukwa chocha msanga, ndi mitundu yochokera ku kafukufuku monga Sauma, Kachangu ndi Mwaiwathualimi, yonse ndi yoyenera m'mbale; mlimi asankhe poona nthaka, mvula ndi matenda ofota. Vuto lalikulu lili m'nkhokwe. Alimi ambiri amagulitsa nandolo yense msanga poopa anankafumbwe, omwe amayamba kumuboola akadali kumunda. Kapu imodzi yophika imachokera ku magalamu pafupifupi 70 a nandolo wouma, kutanthauza kuti wodwala mmodzi akufunika theka la thumba la makilogalamu 50 pa chaka. Nandolo ameneyu apatulidwe mavenda asanafike, aumitsidwe mpaka azithetheka pomuluma, apetedwe, n'kuikidwa m'thumba la PICS lopanda chiboo. Thumba lamkati lililonse lifinyidwe kuti mpweya utuluke ndi kumangidwa palokha, ndipo likhale pa thandala, kutali ndi khoma ndi makoswe. Potapa, tapani wa sabata ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi n'kumanganso pomwepo.